Ma watts a pa katoni saimba

Mwezi ukatha, pitani mu Freedom Way, mu Cha Cha Cha Road kapena ku Kamwala pa Chiwelu m'mawa. Mashopu a zamalaiti amatulutsa masipika pakhomo, aatali ngati mwana wa giledi 4, tumalaiti twa buluu na tofiila tukuzungulila pa wufa, ndipo onse alila nthawi imodzi, iliyonse nyimbo yake. Pa katoni ya iyi alembapo 8000W. Shopu yotsatila, 12000W. Mnyamata wogulitsa akaona kuti mwaima pang'ono chabe, akweza volyumu mpaka besi ikugundeni pachifuwa, ndiye akuti, "Bosi, mwaimva mphamvu?"

Palibe chochititsa manyazi kufuna masipika otele. Ambili a ife tikayamba kugwila kanchito, mndandanda wake umadziwika: matilesi, sitovu ya mapuleti awili, TV, ndiyeno choimba. Koma ndalama yake siigwa kumwamba. Ni ya chilimba imene munthu wayembekezela miyezi isanu, ni ya ovataimu, ndipo ena amafika potenga kaloba. Ndiye tikambe mosapita m'mbali. Pa zonse zimene mungayang'ane posankha, nambala yaikulu ija ya pa katoni ndiye yopanda nchito kwambili. Ndipo ngati ndalama ni yochepa, masipika awili osang'anima na ampu yake payokha, olo akhale ogwilapo kale nchito, apambana chisipika chimodzi chachitali chokhala na zonse m'mimba.

Tiyambe na masamu a ku pulaimale. Malaiti a m'nyumba zathu ni 230 volts. Pulagi ya mano atatu imene tigwilitsa nchito imakhala na fyuzi ya 13 amps ikakula kwambili. Chulukitsani 230 na 13, mupeza 2,990. Kutanthauza kuti pulagi imodzi singapititse mphamvu yoposa ma watts 3,000, ndipo apo ni pa malile penipeni, kumene kumayandikila zinthu monga ketulo na hita. Nanga sipika ya 12000W, yolowetsedwa mu soketi yomweyo na kawaya koonda ngati ka wailesi, mphamvu zinazo izitenga kuti? Makina sangatulutse mosalekeza mphamvu yoposa imene alandila.

Yang'anani bwino pafupi na nambalayo. Nthawi zambili pali tumalembo tung'onotung'ono, PMPO, kuimila Peak Music Power Output. Palibe muyezo umodzi wogwilizana wa mmene PMPO iyenela kupimidwila, choncho kampani iliyonse imalemba imene yafuna. Nambala imene ili na tanthauzo ni ya RMS, mphamvu imene ampu ingatulutse mosalekeza, nyimbo yonse, usiku wonse. Chinyengo ichi n'chakale. Ku America chinafika poipa moti mu 1974 bungwe la Federal Trade Commission linaika lamulo lokakamiza opanga ma ampu a m'nyumba kulemba mphamvu yosalekeza. Katundu wathu wambili sadzela kumeneko, choncho tifunika kudziyang'anila tokha, ndipo njila yake ni yosavuta. Tembenuzani sipika, muwelenge kapepala kali kumbuyo pafupi na polowela waya wa malaiti. Pamenepo amalemba mphamvu imene makinawo amadya. Mukapeza 60W kumbuyo pamene kutsogolo kuli 8000W, mwadziwa kale amene akamba zoona.

Chodabwitsa n'chakuti ma watts ambiliwo sitiwafuna n'komwe. Masipika ambili a m'nyumba, mukawapatsa watt imodzi chabe n'kuimilila mita imodzi kuchoka pamene ali, amatulutsa chongo cha pakati pa 85 na 92 dB. Nambala iyi amaitcha sensitivity, ndipo opanga masipika oona mtima amailemba kumbuyo kapena m'kabuku. Pa 88 dB, kuti mukambe na mnzanu mufunika kukweza mau. Watt imodzi iyo! Futi kuwonjezela mphamvu sikuwonjezela chongo mofanana. Mukawilikiza ma watts kawili, chongo chimakwela na 3 dB chabe, ndipo khutu limamva ngati kusintha kwapang'ono. Kuti khutu limve ngati chongo chawilikiza kawili, pafunika mphamvu yowilikiza ka 10. Ndiye kusiyana kwa ampu ya 50W na ya 100W ni kochepa kwambili poyelekeza na kusiyana kwa mitengo yake. Sipika ya 91 dB pa ampu ya 25W ilila mofanana na sipika ya 88 dB pa ampu ya 50W. M'zipinda za nyumba za lendi zimene ambili tikhalamo, ma watts a zoona 30 mpaka 50 pa sipika iliyonse ni okwanila kukudanitsani na a landilodi.

Ambili amaopa kuti ampu yamphamvu idzapsetsa sipika. Zimachitika, koma kawilikawili imene imapha ni ampu yofooka yokakamizidwa. Ikafika pamapeto pa mphamvu yake imayamba kudula nsonga za mafunde a mau, nyimbo imamveka yong'ambika, ndipo mphamvu yochuluka imathamangila ku tweeter, kasipika kang'ono ka mau oonda kali pamwamba. Kawaya ka m'kati mwa tweeter ni koonda ngati tsitsi, sikachedwa kupsa. Mukamva mau a woimba ayamba kukanda m'khutu, bwezani volyumu pansi pomwepo.

Manje ngati nambala sitiikhulupilila, tikhulupilile chani? Choyamba, manja. Inyamuleni sipikayo. Chimene chimalemela m'sipika ni maginito a kumbuyo kwa wufa na matabwa a bokosi, ndipo zonse ziwili ndizo opanga zochipa amayambila kuchepetsa chifukwa wogula saziona. Sipika yofika m'chiuno imene muinyamula na dzanja limodzi ngati chigubu chopanda madzi, isiyeni. Gogodani m'mbali mwake na chala. Bokosi labwino, la MDF yokhuthala yokhala na zogwiliziza m'kati, limayankha mau afupi, ogontha. Bokosi la pulasitiki kapena la thabwa lopyapyala limalila ngati dilamu yopanda kanthu, ndipo kulila kumeneko kudzalowa m'nyimbo iliyonse imene mudzaimba.

Musawelenge maso a sipika ngati kuti kuchuluka kwake ndiye ubwino. Pali masipika ochipa amene kutsogolo aoneka ali na tumasipika tusanu, koma tuwili n'tokongoletsa chabe, tulibe maginito, tulibe waya. Ikani khutu pa kalikonse nyimbo ili pansipansi, mumve ngati kalila. Unikani na tochi ya foni pa chibowo chotulukila mphepo muone zimene zili m'kati. M'sipika yopangidwa bwino muli kabolodi kotchedwa crossover, kamene kamagawa mau: okhuthala ku wufa, oonda ku tweeter. M'zochipa kwambili mumapeza capacitor imodzi yolendewela pa waya, basi. Wufa imodzi yabwino na tweeter imodzi yabwino, zogawilidwa mau bwino, zimaimba bwino kuposa maso asanu osamvana.

Kenako, chipinda. Apa ndipo ambili timadzinamiza, chifukwa timamvela sipika mu shopu yaikulu yotseguka kutsogolo, n'kukaiika m'chipinda cha mamita atatu na hafu. Sipika yoimilila pansi ili na ubwino wake weniweni. Bokosi lalikulu limalola besi kutsika pansi, sifuna tebulo kapena sitandi, ndipo tweeter imakhala pafupi na msinkhu wa khutu munthu akakhala pa sofa. Koma besi ni funde lalitali. Mau amayenda mamita 343 pa sekondi, choncho funde la 50 Hz limatalika pafupifupi mamita 7. M'chipinda cha mamita atatu na hafu, hafu ya funde limenelo imakwana ndendende pakati pa chipupa na chipupa, ndiye limagunda uku n'kubwelela, kudziwonjezela lokha. Zotsatila zake timazidziwa tonse olo sitidziwa dzina lake: noti imodzi ya besi imafufuma n'kumeza zina zonse, pakona imagwedeza mutu, pakati pa chipinda imasowa. Wina amaganiza kuti sipika yake ili na besi yamphamvu, pamene chimene akumva ni chipinda chake chikung'ung'udza.

Chibowo chotulukila mphepo chikakhala kumbuyo, sipika ifunika mpata kuchoka ku chipupa, olo masentimita 30. Mukaikankhila pakona chifukwa malo achepa, besi imachuluka n'kukhala phala. Pa nyumba zathu zing'onozing'ono, sipika ya chibowo chakutsogolo kapena yotsekeka konsekonse siivuta kuika. Ndipo kumbukilani mmene nyumba zambili za m'komboni zilili: pansi simenti yopolishidwa, zipupa za mabuloko zopanda kanthu, pamwamba malata opanda siling'i. Mau oonda amadumphadumpha pa simenti, besi imanjenjemeletsa malata na mawindo. Kapeti pakati, makatani okhuthala na sofa ya nsalu zimasintha kamvekedwe kuposa kuwonjezela ndalama pa sipika.

Tinene chilungamo apa. Ngati mukhala m'chipinda chimodzi, bedi momwemo, fuliji momwemo, mbale momwemo, masipika oimilila pansi si anu pakali pano. Awili ang'ono oika pa shelufu adzaimba bwino kwambili m'malo otelo, ndipo tsiku losamuka simudzalipila kanta chifukwa cha iwo. Aatali ayamba kukhala na nzelu mukakhala na chipinda chochezela chimene mungakhale mamita awili kapena atatu kuchoka pamene aimilila.

Koma chifukwa chachikulu chimene tikanila chisipika cha zonse m'mimba ni malaiti. Chaka cha 2024 tonse tichikumbukila. Chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, nyumba zambili zinafika poona malaiti maola atatu chabe patsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Malaiti opita n'kubwela motele savutitsa chabe mtima. Nthawi imene abwela ndiyo yoopsa ku zipangizo, chifukwa mphamvu imatha kudumpha. Manje ganizilani zimene zili m'chisipika chija: ampu, bolodi yolandila malaiti, Bluetooth, polowetsa fulashi, wailesi, tumalaiti tong'anima, nthawi zina na batile, zonse pa mabolodi amodzi kapena awili opangidwila mtundu umenewo chabe. Kanthu kamodzi kakapsa, chonse chimakhala chete. Mupita nacho kwa okonza mawailesi ku Town Centre kapena ku City Market, atsegula, apukusa mutu: kachipangizo kake kafutidwa nambala, bolodi yake siipezeka. Ndalama ya chilimba yasanduka poikapo maluwa a pulasitiki.

Sipika wamba, imene ilibe waya wa ku soketi, ilibe zambili zoti zife. Muli maginito, makoilo a kopa, capacitor zingapo na matabwa. Siidziwa n'komwe kuti malaiti apita. Ndiye chifukwa chake masipika a m'ma 1980 na m'ma 1990 akali kuimba mpaka lelo pamene mawailesi amene anabwela nawo anafa kalekale. Ampu ikakhala payokha, ikapsa mwataya chinthu chimodzi. Ma ampu akale a Pioneer, Kenwood, Technics, Sansui kapena Yamaha ali na tuzipangizo tooneka na maso, tokhala na manambala, tumene wokonza wodziwa nchito angachotse n'kuikapo twina. Bluetooth nayo igulidwa payokha, kabokosi kang'ono kolowetsa kumbuyo kwa ampu. Mafoni amasintha chaka na chaka, njila zolumikizila zimasintha, koma sipika yabwino siikalamba nazo.

Pali futi ma ampu ang'onoang'ono a masiku ano otchedwa Class D, ambili okhala na chipu ya TPA3116 ya kampani ya Texas Instruments. Kukula kwake ni ngati buku la m'thumba, satentha kwambili, ndipo pafupifupi mphamvu yonse imene adya imapita ku sipika. Amagwila nchito na adaputa yonga ya laputopu, pakati pa 12 na 24 volts. Kutanthauza kuti amene ali na batile ya sola ya 12 volts angaimbe nyimbo malaiti atapita popanda kudzela mu inverter, imene ikakhala yochipa imalowetsa kamkokomo m'masipika. Pa 12 volts, kampu kotele kamapeleka ma watts osakwana 10 pa sipika ya 8 ohms, olo pa kabokosi kake alembepo 50W. Koma taona kale zimene watt imodzi imachita. Pa sipika ya sensitivity yabwino, zimenezo ni zokwanila kudzaza chipinda.

Mau akuti ohms asakuopseni. Kumbuyo kwa sipika amalemba 4, 6 kapena 8 ohms, ndipo kumbuyo kwa ampu amalemba nambala yotsikitsitsa imene ingapilile. Nambala ya sipika ikatsika, ampu imagwila nchito yolemela n'kutentha. Vuto limabwela na chizolowezi chathu chomangilila masipika ambili pa mawaya amodzi. Awili a 8 ohms omangidwa pamodzi amakhala 4 ohms. Awili a 4 ohms amakhala 2, ndipo ma ampu ambili a m'nyumba pamenepo amazima okha kapena kupsa. Wufa ya m'galimoto nthawi zambili ni ya 4 ohms, choncho musaiphatikize chabe pa ampu imene ili kale na masipika ake.

Tinazolowela kale kuti jekete yabwino ya salaula imapambana yatsopano ya gonga. N'chifukwa chani nzelu imeneyi timaisiya pakhomo tikapita kukagula masipika? Ogwilapo kale nchito amapezeka pa Facebook Marketplace, m'mashopu ogulitsa katundu wa m'makontena ochokela ku UK, ndiponso m'nyumba za amalume na azakhali, kumene wailesi ya makaseti inafa koma mabokosi awili akali pakona ataphimbidwa na kansalu koluka. Mwa katundu wochokela ku Britain mumatuluka maina monga Wharfedale, imene ipanga masipika kuyambila 1932, Mission, Tannoy na KEF. Wogulitsa nthawi zina amawaika mtengo wotsika kuposa chisipika chong'anima chifukwa alibe Bluetooth ndipo saoneka amakono.

Kugula zakale kufuna maso. Yang'anani mphete yofewa yozungulila wufa. Ikakhala ya siponji, zaka zikapita imafumbutuka, ndipo mukaikhudza na chala imagwa ngati keke youma. Imeneyo imakonzeka, mphete zatsopano zimamatidwa, koma mtengo utsike. Ya labala imakhalitsa. Ikani zala mozungulila pakati pa wufa, mukankhe pang'onopang'ono mofanana. Iyenela kulowa na kubwelela mwakachetechete. Mukamva kukhukhuluza m'kati, koilo inatenthapo n'kupindika. Tengani kabatile ka 1.5 volts ka mu limoti, mugunditse mawaya a sipika kwa kamphindi: wufa yamoyo imati "thu" n'kusuntha. Tweeter siiyesedwa motelo, ikani khutu pomwepo nyimbo ikulila, mbali zonse ziwili, chifukwa tweeter yakufa ni matenda ofala a masipika akale ndipo mu chongo cha mu shopu simungazindikile. Pendamitsani bokosi muone pansi pake. MDF ikamwa madzi imafufuma ndipo siibwelelanso, ndipo tonse tidziwa zimene mvula imachita m'nyumba za ku Kanyama na madela ena otsika. Nunkhizani pa chibowo, makoswe na mphemvu amakonda kumanga m'menemo.

Pa ampu yakale, welengani ma volts musanailowetse mu soketi. Za ku UK zimagwilizana na malaiti athu. Za ku Japan zopangidwila kwawo ni za 100 volts, za ku America 120, ndipo mukazilowetsa mwachindunji mudzaona utsi. Musatumize ndalama pa foni musanaone katundu na maso na kumumva na makutu. Ndipo mtengo ukatsika mopitilila, wogulitsa ali na changu, safuna mudziwe kumene akhala, dzifunseni kuti masipikawo anatuluka bwanji m'nyumba ya mwini wake.

Ena amati, bwanji osagula wufa payokha n'kupita kwa akalipentala a ku Kalingalinga akapange bokosi? Luso la matabwa alipo nalo, zimenezo sitikana, ndipo bokosi lawo lingakhale lolimba kuposa la mu shopu. Koma bokosi la sipika lili na masamu ake. Wufa iliyonse ifuna mpweya wokwanila mwakutimwakuti kumbuyo kwake, na chibowo cha utali na ukulu woyenelela. Masamu amenewa anawakhazikitsa ni akatswili awili, Neville Thiele na Richard Small, ku Australia m'ma 1960 na 1970, ndipo opanga ma wufa abwino amasindikiza manambala ake. Mukakhala nawo manambalawo, pa intaneti pali mapulogilamu aulele owelengela kukula kwa bokosi, ndipo kalipentala angatsatile miyezo. Wufa yopanda dzina, yopanda manambala, m'bokosi lopimidwa na maso, ni juga.

Tidziwa zimene anzathu ena ayankhe. Chisipika cha zonse m'mimba sichivuta: walumikiza foni, chaimba. Chili na batile, chili na maikolofoni, uchinyamula kupita nacho panja pa braai, ku kitchen party ya asisi, ku pulakatisi ya kwaya, ndipo ena amachibweleketsa n'kupezapo kangachepe. Zonsezi ni zoona. Ngati nchito imene mufuna ni imeneyo, guleni, koma dziwani kuti mwagula chida cha panja, chopangidwila kufuula pa gulu, ndipo muchisankhe poyang'ana RMS, kulemela na walanti. Vuto lathu lili pa amene afuna nyimbo za m'nyumba, za madzulo alionse, za mpila na mafilimu, koma agula chida cha pa phwando chifukwa ndicho chinafuula kwambili mu shopu. Futi chisipika chimodzi, olo chitalike bwanji, mau ake onse amachokela malo amodzi. Nyimbo zimajambulidwa na mbali ziwili, kumanzele na kumanja. Masipika awili otalikilana mamita awili amaika woimba pakati, gitala mbali iyi, makiyibodi mbali iyo. Amene anazimvapo zimenezi atakhala pakati sabwelelanso ku bokosi limodzi.

Tsiku logula, nyamulani nyimbo zanu pa foni kapena pa fulashi, zimene muzidziwa mpaka popumila woimba. Wogulitsa amasankha nyimbo ya besi yolemela chifukwa imabisa zolakwa zonse. Mupempheni azime bass boost, abweze mabatani a besi na treble pakati, atsitse volyumu kufika pamene mungamvele kunyumba 21 hours ana atagona. Sipika yabwino imamveka yokwanila olo pansipansi. Yoipa ifuna kukwezedwa kuti ikhale na moyo. Yambani na mau a munthu: ikani PK Chishala, mumve ngati liu lililonse la nkhani imene akusimba limveka, kapena tsegulani nyuzi pa wailesi. Munthu akamamveka ngati akambila m'mgolo kapena m'mphuno, sipikayo idzakutopetsani pa mlungu umodzi. Ndiyeno ikani kalindula, Amayenge kapena ena otelo. Besi ya kalindula imathamanga, imakwela na kutsika, ndipo pa sipika yoipa manoti onsewo amasanduka "bu bu bu" imodzi. Gitala yokanda ya Paul Ngozi idzakuuzani za tweeter: iyenela kuluma popanda kubaya khutu. Amapiano muike pothela, mumve ngati log drum igunda n'kuleka, kapena isiya bokosi likunjenjemela na chibowo chikupuma ngati munthu wothamanga.

Poyelekeza masipika awili, samalani na volyumu. Khutu la munthu limakonda chilichonse chokwela pang'ono, limati ndicho chabwino. Ogulitsa ochenjela amazidziwa, ndipo imene afuna mugule amaikweza kadontho. Linganizani chongo musanaweluze.

Pa kagawidwe ka ndalama, ife tingati yoposa hafu ipite ku masipika, chifukwa ndiwo amapanga mau ndipo ndiwo adzakhalitsa. Pafupifupi gawo limodzi mwa atatu lipite ku ampu. Yotsala mugule kachipangizo koteteza ku malaiti odumpha, konga kamene timaika ku fuliji na TV, na waya. Pa waya musapusitsidwe na mapaketi agolide. Waya wamba wa kopa wa 1.5 mm wa mu hadiweya ni wokwanila pa mamita ochepa a m'chipinda, malinga ukhale kopa weniweni. Ndalama ikapelewela, yambani na masipika abwino na kampu kochipa, ampu yabwino idzabwela na chilimba chotsatila.

Mukagula mu shopu, tengani lisiti yolembedwa dzina la shopu, tsiku na mtundu wa katundu, ndipo walanti ilembedwe, isakhale ya pakamwa. Chikwangwani chija chakuti katundu akagulidwa sabwezedwa chisakuopseni. Lamulo la Competition and Consumer Protection Act la 2010 limaletsa mashopu kupachika zikwangwani zolanda wogula ufulu wake, ndipo katundu akapezeka wowonongeka mungakadandaule ku CCPC. Popanda lisiti, mlandu wanu umayamba wopunduka.

Pali nkhani ina imene sitikonda kuikamba. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu angamvele chongo cha 80 dB kwa maola 40 pa mlungu popanda kuwononga makutu, ndipo chongo chikakwela na 3 dB, nthawiyo imadulidwa pakati. Welengani nokha: pa 89 dB atsala maola asanu pa mlungu wonse, pa 95 dB ola limodzi na mphindi 15. Kulila kwa "tswii" kumene kumatsala m'khutu phwando likatha ni chizindikilo chakuti tatentha kanthu m'kati, ndipo tumaselo twa m'khutu tukafa situmelanso. Ndiyeno pali aneba. Mau oonda amatsekeka na chitseko, koma besi imapyola mabuloko ngati palibe. Pa pulotu ya mabanja asanu, kuseli kwa chipupa chanu kungakhale nesi wochoka ku naiti, mwana wa giledi 12 amene akuwelengela mayeso, kapena ambuya odwala. Iwo samva nyimbo yanu, amamva kugunda chabe. Lamulo la zachilengedwe la 2011, limene ZEMA imayang'anila, limawelengela chongo pa zinthu zoipitsa malo, koma nkhani zambili sizifika kumeneko. Zimathela pa notisi ya a landilodi. Sipika yomveka bwino pansipansi imakupulumutsani ku zonsezi, chifukwa simufunika kuikweza kuti mumve mau.

Mukafika nawo kunyumba, musaweluze tsiku loyamba musanawaike bwino. Atalikilane pafupifupi mofanana na mtunda wochoka pa sipika iliyonse kufika pamene mukhala, ayang'ane pang'ono kwa inu, achoke pakona. Ngati pansi ni simenti yosalala, ikani tumalabala kunsi kuti asayende, ndipo ngati m'nyumba muli mwana wokwawa, onetsetsani kuti sangawagwetse. Asuntheni pang'onopang'ono, chikhatho chimodzi kutsogolo, mumvele, chikhatho china, mpaka besi ileke kufufuma. Ndipo yang'anani mawaya: chofiila cha pa ampu ku chofiila cha pa sipika, chakuda ku chakuda, mbali zonse ziwili. Mukasemphanitsa mbali imodzi, wufa ya kumanzele imakankha mpweya pamene ya kumanja ikukoka, besi imadyana yokha n'kusowa, ndipo woimba amamveka ngati ali paliponse koma pakati. Masipika ena amene amagulitsidwa motchipa pa Facebook eni ake akudandaula kuti alibe besi, matenda ake amakhala mawaya awili amenewa.